Musanapereke makiyi: kayang'aniridwe ka madzi, magetsi ndi nyumba ya lendi

Tenanti wanga woyamba anachoka mwamtendere. Lendi analipira yonse, nyumba anasesa, makiyi anandipatsa m'manja, ine n'kumubwezera dipoziti yake yonse tsiku lomwelo. Patatha masabata atatu, wofuna kulowamo atatsegula mpopi wa kukhitchini, munangotuluka mpweya. Madzi anali atadulidwa. Bilu yomwe ndinakaipeza inali ya miyezi isanu, mkulu uja anali atasamukira kutali, ndipo nambala yake inali itasiya kupezeka. Ndinalipira ndine, kuphatikizapo ndalama yolumikiziranso.

Sindinamusungire mangawa, chifukwa wopusa ndinali ine. Mita siidziwa tenanti. Imadziwa poloti ndi dzina lomwe linalembedwa pa akaunti, basi. Matenanti amabwera n'kupita, koma ngongole, paipi yophulika pansi pa nthaka ndi waya wopsa m'siling'i zimatsala ndi mwini nyumba. Zomwe ndalemba apazi ndi ndondomeko yomwe ndimatsata tsopano, kuyambira nyumba isanagulidwe mpaka tsiku lomwe tenanti akusamuka.

Gawo loyamba: fufuzani ngongole ndi malo musanagule

Penti asakukopeni. Munthu wogulitsa nyumba amapaka penti chifukwa ndi njira yotsika mtengo yobisira ming'alu ndi chinyontho. Choyamba kupempha ndi manambala awiri: nambala ya akaunti ya madzi ndi nambala ya mita ya magetsi. Mukawapeza, pitani ndi mwini wakeyo ku ofesi ya bungwe la madzi la dera limenelo, kaya ndi Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board, kapena la chigawo monga Northern, Central ndi Southern Region Water Board, mukaone ndi maso anu kuti akauntiyo ili ndi ngongole yanji. Musakhutire ndi chithunzi cha lisiti chomwe wakutumizirani pa WhatsApp. Lisiti imaonetsa zomwe munthu walipira, siionetsa zomwe zatsala.

Ku ESCOM chitani chimodzimodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti mita yogulira mayunitsi singakhale ndi ngongole. Ikhoza kukhala nayo, yochokera nthawi yomwe nyumbayo inkalandira bilu ya pamwezi, kapena chindapusa cha mlandu wakale. Kuyesa kwake n'kosavuta: gulani magetsi a ndalama zochepa pa nambala imeneyo kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, muwerenge uthenga wonse womwe wabwera, muone ngati ndalama ina yapita kwina osati ku mayunitsi. Tokeniyo ikalowetsedwe mu mita inu muli pomwepo. Mamita amtunduwu ankayenera kukonzedwanso ndi matokeni apadera lisanafike tsiku la 24 Novembala 2024, ndiye mita ya m'nyumba yomwe yakhala nthawi yaitali yopanda munthu ikhoza kukana tokeni yatsopano mpaka itakonzedwa.

Mukachoka kumeneko dutsani kukhonsolo mukafunse za msonkho wa malo, uja timautchula kuti city rates. Umenewu ndi wa mwini nyumba, ndipo umaunjikana mwakachetechete zaka ndi zaka. Ngati poloti ili pa lizi, funsaninso za ground rent ku Unduna wa za Malo kapena ku Malawi Housing Corporation, malinga ndi yemwe anapereka malowo. Ngongole iliyonse yomwe mwaipeza ichotsedwe pa mtengo wa nyumba, mukalipire nokha. Mawu oti "ndikalandira ndalama ndikalipira" ndawamvapo kawiri, ndipo kawiri konseko sizinachitike.

Malo enieniwo muwaone kawiri ngati nthawi ilipo: mu Okutobala ndi mu Januwale kapena Febuluwale. Okutobala amakuuzani za madzi a m'mipopi. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amachokera mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, pafupifupi makilomita 40, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda, kotero magetsi akavuta kumapampu, nyumba za pamtunda ndi zomwe zimayamba kuuma n'kumalizira kulandira. Ku Lilongwe madzi amadalira madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo madera atsopano a m'mphepete mwa mzinda, komwe ambiri tikumanga nyumba za lendi, nthawi zambiri ndi omwe ali kumapeto kwa paipi. Musafunse ejenti. Funsani amayi oyandikana nawo kuti, "Amayi, kuno madzi amabwera nthawi yanji?" Akati 2 koloko usiku, onjezerani mtengo wa thanki ndi chokwezerapo chake pa bajeti yanu. Mukaona zigubu zachikasu zitandandalikidwa pakhonde lililonse, yankho mwalipeza osafunsa.

Dzinja limakuuzani kolowera madzi a mvula. Yang'anani mzere wa matope m'munsi mwa khoma ndi mpanda. Amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Malichi 2023, kapena amene amadziwa mmene mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe umasefukirira, sangagule poloti ya m'khwawa chifukwa choti yatchipa. Kwezaninso maso kumwamba: nyumba yomangidwa pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi ili pamalo osaloledwa, ndipo tsiku lina mudzauzidwa kuti igwetsedwe.

Gawo lachiwiri: khomo lililonse likhale ndi mita yake

Apa ndi pomwe pamadanitsa anthu kwambiri pa mdadada. Mabanja anayi, mita imodzi, aliyense asonkhe mofanana. Mwezi woyamba zimayenda. Mwezi wachitatu mumva kuti a pachitseko chachiwiri amaphikira nyemba pa hotplate, a kumapeto agula firiji yogulitsira mafrizesi, pomwe mnyamata wa pakati ali ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni. Magetsi akatha 8 koloko usiku, foni yoyamba imalira ndi yanu.

Mkanganowu uli ndi masamu ake, ndipo ndi bwino landilodi awadziwe. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Babu la LED la mawati 9, loyaka maola 5 pa tsiku, limatenga masiku oposa 20 kuti limalize yuniti imodzi. Hotplate ya mawati 1,500 ikayaka maola awiri yadya mayunitsi 3 tsiku lomwelo. Giza yokhala ndi elementi ya mawati 3,000 ikatenthetsa madzi maola awiri pa tsiku yadya mayunitsi 6, omwe pa mwezi ndi 180. Ndiye kuuza mnyamata wa babu limodzi uja kuti asonkhe mofanana ndi mwini hotplate ndi kumubera masana. Iye amadziwa, ndipo sakhalitsa. Amene amatsala pa mdadada wotere ndi odya magetsi okhaokha.

Njira yabwino koposa ndi kupempha ESCOM mita ya khomo lililonse. Zimafuna kuti khomo lililonse likhale ndi mawaya ake ndi bokosi lake la ma breaker, oikidwa ndi mmisiri wovomerezeka, ndipo pamafunika ndalama ndi kudekha podikira. Koma mukatero, nkhani ya magetsi yachoka m'manja mwanu mpaka kalekale. Osagula amagona mumdima yekha.

Ngati thumba silikulola, uzani mmisiri aike kamita kakang'ono kowerengera pa waya wopita ku khomo lililonse, magetsi atadutsa kale pa mita yaikulu. Kameneka si ka ESCOM, ndi kanu, ntchito yake ndi kuonetsa yemwe wadya zingati. Muziwerenga tsiku limodzi lokhazikika mwezi uliwonse, eni ake akuona, n'kugawa ndalama yomwe yagwiritsidwa ntchito molingana ndi manambalawo. Musaikepo phindu. Ndipo musalole, ngakhale atapempha mwaulemu bwanji, kuti waya adumphe mpanda kupita kwa neba. Kumeneko ndi kulumikiza magetsi mosaloledwa, ndipo akabwera oyendera, dzina lomwe adzalemba ndi la mwini mita.

Pa madzi ganizo ndi lomwelo. Kumene kuli kotheka pemphani mita ya khomo lililonse, ndipo m'madera momwe bungwe la madzi likuika mamita ogulira madzi pasadakhale, ine ndimaona kuti landilodi ndi amene amapindula kwambiri, chifukwa ngongole ngati ija inandipeza ine siingaunjikane. Pa mdadada wa mpopi umodzi wa panja, gawani bilu potengera kuchuluka kwa anthu pakhomo, osati kuchuluka kwa zitseko, ndipo mugwirizane poyera za wochapira anthu ena zovala, wotsuka galimoto ndi wothirira dimba. Bilu yeniyeniyo muziionetsa kwa onse. Landilodi wongotchula ndalama pakamwa amaganiziridwa kuti akudyapo, ngakhale asakudyapo.

Funso lomwe ambiri amafunsa ndi loti, kodi akaunti ya madzi isinthidwe kupita m'dzina la tenanti? Ine ndimaisiya m'dzina langa, n'kuika lamulo loti lisiti ya madzi ibwere pamodzi ndi lendi. Kusinthasintha dzina nthawi iliyonse munthu akalowa n'kotopetsa, komanso madzi akadulidwa amadulidwa pa poloti yanu, dzina likhale la aliyense. Bola bilu ndiziiona ndekha.

Gawo lachitatu: yesani mapaipi nyumba ili yopanda munthu

Malire ake ndi awa: paipi ikaphulika madzi asanafike pa mita, imeneyo ndi ntchito ya bungwe la madzi, ingowauzani msanga. Ikaphulika atadutsa pa mita, dontho lililonse likuwerengedwa pa akaunti yanu.

Kuyesa kwake sikufuna pulambala. Sankhani nthawi yomwe madzi akutuluka mwamphamvu. Tsekani mipopi yonse, dikirani kuti matanki a zimbudzi ndi giza zidzaze, ndipo ngati pali thanki yapamwamba tsekani valuvu yopita kumeneko. Pitani pa mita. Manambala akuda amawerenga makyubiki mita, ndipo kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Ofiira, kapena timivi tofiira, amawerenga tizigawo ting'onoting'ono. Mamita ambiri ali ndi kagudumu kakang'ono komwe kamazungulira ngakhale madzi akudutsa ochepetsetsa. Ngati zonse zatsekedwa koma kagudumuko kakuyenda, penapake pakutayika madzi. Ngati simukuona bwino, jambulani mita, mupite kwina kwa ola limodzi, mudzajambulenso n'kufanizira.

Wakuba wamkulu m'nyumba zambiri ndi chimbudzi chogejemula. Kamphira ka pansi pa thanki yake kakatha, madzi amatsetsereka m'mbale usana ndi usiku, mopanda phokoso loti munthu n'kudzidzimuka. Thirani tiyi wakuda kwambiri kapena Sobo pang'ono m'thankimo, osagejemula, mudikire mphindi 15. Mtundu ukaonekera m'mbale, kamphirako kasinthidwe. Tiyerekeze kuti pakutayika theka la lita pa mphindi. Pa tsiku ndi malita 720, pa mwezi ndi malita 21,600, kuposa makyubiki mita 21 omwe palibe anamwa, kuchapira kapena kusamba. Madzi akatayika saoleka, koma bilu yake imafika ndithu. Kamphira kotchipa kameneka ndaona kakudanitsa landilodi ndi tenanti wabwinobwino, wina akuti mukuwononga madzi, wina akuti mita yanu ndi yabodza.

Ngati zimbudzi zili bwino koma mita ikuyendabe, tsatani njira ya paipi kuchokera pa mita kukafika kunyumba. Pamalo pomwe udzu uli wobiriwira mu Seputembala pomwe kwina konse kwauma, kumbani pamenepo. Nyumba zakale za mapaipi achitsulo zimachita dzimbiri mkati, madzi amatuluka ofiirira m'mawa ndipo mphamvu imachepa. Kumata malo amodzi n'kutaya ndalama, chifukwa mwezi wamawa iphulika pena. Sinthani mzere wonse.

Kwerani muone thanki yapamwamba. Mpira wake woyandama ukafa, thanki imasefukira usiku madzi akabwera, nthawi yomwe aliyense ali mtulo. Onani ngati ili ndi chivundikiro. Onaninso kapaipi kotulutsa madzi ku giza: kudontha pang'ono ikamatenthetsa si vuto, koma kuchucha osalekeza ndiye kuti valuvu yake yatha, ndipo mukutaya madzi ndi magetsi nthawi imodzi.

Kuseri kwa nyumba kuli septic tank ndi dzenje lomwe limamwa madzi ake. Tsegulani chivundikiro muone pomwe zafika. Ngati pansi pozungulira pali ponyowa ndi fungo nthawi ya chilimwe, dzenjelo lasiya kumwa, ndipo dzinja likafika zidzabwerera m'nyumba. Kupopa ndi kukonza zimenezi ndi udindo wa landilodi, pokhapokha mutapezamo matewera ndi nsanza. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023. Pa poloti ya mabanja angapo, chimbudzi chosefukira si nkhani ya fungo chabe. Ngati pali chitsime, chitalikirane ndi chimbudzi chokumba ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumtunda kwake.

Gawo lachinayi: magetsi, apa itanani mmisiri

Za madzi mungathe kuyesa nokha. Za magetsi pali zomwe mungaone ndi maso, koma kukonza ndi kuyeza kusiyireni mmisiri yemwe ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu. Mufunseni akuonetseni chiphasocho. Mnyamata wa m'dera "wodziwa magetsi" amatchipa lero, koma nyumba ikapsa sadzapezeka.

Yambani pa mita. Onani ngati zomatira zake zili zosadulidwa, ndiponso ngati palibe waya wachilendo wolowa kapena kutuluka pambali. Kenako zimitsani main switch: chilichonse m'nyumba ndi panja chiyenera kuzima. Babu kapena soketi ikatsala ikuyaka, ndiye kuti pali waya wolambalala, ndipo muyenera kudziwa komwe akuchokera musanalowetse munthu. Ndinapezapo giza yolumikizidwa motero m'nyumba yomwe ndinkafuna kugula. Wogulitsayo anachita kundinyadira kuti nyumbayi "siidya magetsi". Ndinabwerera pageti.

Pa bokosi la ma breaker fufuzani earth leakage, kaswichi kokhala ndi batani loyesera, nthawi zambiri lolembedwa T. Kameneka kamazimitsa magetsi akayamba kudutsa mosayenera, monga m'thupi la munthu, ndipo ka m'nyumba kamakhala ka 30 mA. Dinani batanilo. Kakapanda kugwa, kafa kapena wina anakalambalala chifukwa kankagwaigwa. Kugwaigwa kumeneko kunali kuchenjeza za vuto lenileni, kawirikawiri elementi ya giza kapena ya kuka, kapena madzi olowa mu soketi ya panja. Ngati m'nyumbamo mulibiretu earth leakage, ikani. Tenanti akadzakuuzani kuti mpopi wa kubafa "umagwira" akamasamba, musadikire mawa: zimitsani giza pa breaker, mmisiri abwere tsiku lomwelo adzaone waya wa earth ndi chitsulo chake chokhomedwa pansi.

Yendani chipinda ndi chipinda ndi tchaja ya foni, kuyesa soketi iliyonse. Yakuda m'mbali, yosungunuka kapena yogwedera isinthidwe. Mmisiri akwere m'siling'i ndi tochi. Kumeneko ndi komwe kumabisala zoopsa: mawaya olumikizidwa ndi pepala la pulasitiki, ongoyala pa mitengo opanda paipi yake, odyedwa ndi makoswe. Aonenso kukula kwa waya. Mwachizolowezi wa mababu amakhala wa 1.5 mm², wa masoketi 2.5 mm², ndipo kuka imafuna wake wokha wokulirapo, monga wa 6 mm², ndi breaker yake. Nyumba zambiri zomangidwa mopanikizika ndalama zili ndi waya wa mababu m'masoketi. Tenanti akalumikiza ketulo, ayironi ndi hotplate pa adaputala imodzi, wayayo amatentha mkati mwa khoma, breaker osagwa chifukwa ndi yaikulu kuposa waya.

Chinthu chatsopano chomwe makolo athu a nyumba za lendi sankachiganizira ndi ma inverter, masola ndi majenereta. Chichokereni nthawi ija namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kutafika poipa, matenanti ambiri ali ndi zida zimenezi. Palibe cholakwika, koma zisalumikizidwe ku mawaya a nyumba popanda changeover switch, swichi yolekanitsa magetsi a ESCOM ndi a zidazi, yoikidwa ndi mmisiri. Jenereta yolowetsedwa kudzera mu soketi imabweza magetsi ku mawaya a panja, ndipo ikhoza kupha munthu amene wakwera pa polo akuganiza kuti magetsi azimitsidwa. Nayonso jenereta isalizidwe m'nyumba kapena m'garaja yotseka, monga momwe mbaula ya makala siyenera kugona m'chipinda chotseka mawindo nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi. Mpweya wakupha womwe uli mu utsi wa zimenezi sununkha, umangogonetsa.

Gawo lachisanu: tsiku lolowa, zonse papepala

Makiyi asaperekedwe pamsewu kapena kudzera mwa mwana. Kumanani panyumbapo masana, inu, tenanti ndi mboni imodzi. Tengani pepala lomwe mwalemba kale zipinda zonse, muyende limodzi. Lembani nambala ya mita ya madzi ndi zomwe ikuwerenga, mayunitsi omwe atsala mu mita ya magetsi, chiwerengero cha makiyi, magalasi osweka, mipopi, masinki, maswichi, mababu, maloko, ndi mmene penti alili. Chomwe chili chowonongeka kale chilembedwe kuti n'chowonongeka, ngakhale zikuchititseni manyazi. Jambulani zithunzi, makamaka za mamita, n'kuzitumiza kwa tenanti pa WhatsApp nthawi yomweyo kuti tsiku lake lisungike kwa nonse awiri. Nonse musayine pa makope awiri.

Mu mgwirizano wa lendi musasiye mfundo izi kuti "tidzamvana": kuti madzi ndi magetsi alipira ndani, kuti lisiti ya madzi izibwera ndi lendi, kuti tenanti sakhudza mita, mawaya kapena mapaipi popanda chilolezo cholembedwa, kuti chindapusa chilichonse chobwera chifukwa cha kuseweretsa mita ndi chake, kuti mudzayendera nyumba kangati ndipo mudzadziwitsa masiku angati zisanachitike, ndiponso kuti dipoziti idzabwezedwa bilu yomaliza ya madzi ikaoneka. Gawaninso zokonza. Kwa ine, zotha ndi ukalamba monga denga, giza, mapaipi a pansi ndi mawaya ndi zanga. Mababu, galasi loswedwa ndi mpira, sinki yotsekeka ndi nsima ndi zake.

Musanachoke muonetseni malo awiri: potsekera madzi onse ndi pozimitsira magetsi onse. Muuzenso kuti madzi akasiya, mipopi izitsekedwa. Nyumba zambiri zimasefukira chifukwa wina anatsegula mpopi masana, napeza kulibe, n'kuusiya chomwecho, madzi n'kubwera pakati pa usiku.

Wachibale kapena mnzanu wa kutchalitchi nayenso asayine. Amenewa ndi amene pepala limafunika kwambiri, chifukwa ndi amene mudzachite nawo manyazi kuwakumbutsa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kuyendera munthu ali momwemo

Nyumba ndi yanu, koma pakhomo ndi pake. Landilodi wongotulukira 6 koloko m'mawa, kulowa mpaka kuchipinda, kuvundukula miphika ndi maso, amathamangitsa matenanti abwino. Ine ndimayendera pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo ndimatumiza uthenga masiku awiri zisanachitike, wonga uwu: "Mwaswera bwanji achimwene? Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa ndidzadutsa kudzaona mapaipi ndi denga. Ngati nthawiyo siili bwino kwa inu ndi alamu, mundiuze ina." Ndikafika ndimaodira ngati mlendo aliyense.

Ulendowu sutenga theka la ola. Ndimawerenga mita ya madzi n'kufanizira ndi bilu yomaliza, chifukwa nthawi zina bilu imakhala yongoyerekeza, ndipo kusiyanako kukakula ndi bwino kukadandaula msanga ndi chithunzi m'manja. Ndimaona zomatira za mita ya magetsi, kudina batani la earth leakage, kusuzumira pansi pa masinki, kuyang'ana siling'i ngati ili ndi mabanga a madzi, ndi kuzungulira panja kufunafuna tinjira ta dothi ta chiswe pa khoma ndi pa mafelemu. Kenako ndimafunsa kuti, "Chikukuvutani n'chiyani m'nyumba muno?" Funso limeneli landipulumutsa kangapo. Tenanti amene amaona kuti akanena chinthu chimakonzedwa, amanena msanga. Amene anazolowera kuyankhidwa kuti "tiona" amangoika beseni pansi pa podontha mpaka siling'i itagwa.

Ulendo wa Seputembala kapena Okutobala ndi wa denga. Misomali yotukuka ikhomedwe, malata obooka amatidwe, ngalande ndi magatala zichotsedwe zinyalala, nthambi zoyandikira mawaya zinenedwe kwa eni mawaya osati kudulidwa ndi mwana wa pakhomo. Mmisiri wa denga amapezeka mosavuta mvula isanayambe. Ikangogwa yoyamba, aliyense akumufuna.

Pali chizolowezi china chomwe ndiyenera kuchitchula. Tenanti akachedwa kulipira, alandilodi ena amatseka madzi ndi loko, kuchotsa breaker, ena mpaka kuzula chitseko kapena lata. Ndikumvetsa mkwiyo wake, inenso ndinadikirapo lendi miyezi itatu ngongole ya kubanki ikundithamangitsa. Koma mukatero mwasandutsa munthu amene anali wolakwa kukhala wodandaula, ndipo ana ake akadwala kapena katundu akabedwa, mlandu watembenukira kwa inu. Lembani kalata ya notisi monga mwa mgwirizano, sungani kope, itanani mboni kapena amfumu a m'dera, ndipo zikakanika pitani kukhoti. Walira mvula walira matope.

Kwa inu amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena ku UK, nyumba mukuyang'anitsa achimwene kapena alamu: musamangofunsa kuti "zili bwino?" chifukwa yankho lidzakhala "zili bwino" nthawi zonse. Pemphani zinthu zitatu mwezi uliwonse, chithunzi cha mita ya madzi, chithunzi cha lisiti, ndi uthenga wochokera kwa tenanti mwini wake. Nambala yanu akhale nayo.

Gawo lomaliza: tsiku lotuluka

Notisi ikangoperekedwa, pitani mukaone akaunti ya madzi sabata yomweyo, musadikire tsiku lomaliza. Ngati pali ngongole, munthuyo akadali m'nyumba ndipo mukhoza kukambirana.

Pa tsiku lenilenilo bwerani ndi pepala lija munasayinirana polowa, katundu atatuluka, chifukwa kabati imabisa zambiri. Yendani chimodzimodzi, mzere ndi mzere. Penti wofwifwa patatha zaka zitatu si mlandu wa tenanti. Chitseko chothyoka ndi sinki yong'aluka ndi zake. Werengani mita ya madzi, jambulani, ndipo madzi omwe agwiritsidwa ntchito kuchokera pa bilu yomaliza awerengedwe ndi kuchotsedwa pa dipoziti, kapena musunge gawo la dipozitiyo mpaka bilu itatuluka, monga munalembera. Mayunitsi akatsala ambiri kuposa omwe anawapeza, mubwezereni ndalama yake. Chotsala cha dipoziti chiperekedwe pa tsiku lomwe munalonjeza, pamodzi ndi pepala losonyeza chomwe mwachotsa ndi malisiti ake.

Akangotuluka sinthani loko wa chitseko chachikulu, chifukwa simudziwa kuti makiyi anadulitsidwa angati. Zimitsani giza pa breaker, tsekani madzi pa valuvu ya pafupi ndi mita, ndipo mpopi wa panja muuchotse chogwirira kapena muumange ndi loko, apo ayi mudzamwetsa mudzi wonse. Lembani zomwe mita ikuwerenga. Tsiku lomwe mukubwera ndi tenanti watsopano, yambani mwayang'ana ngati manambalawo akadali pomwe munawasiya.